Dzina la Kuseri kwa Chimbale: Ntchito ya Quincy Jones



Ndikamba za munthu mmodzi, malemu Quincy Jones wa ku America, amene anamwalira pa 3 Novembala 2024 ku Los Angeles ali ndi zaka 91. Ambiri mumamudziwa chifukwa cha Thriller, chimbale cha Michael Jackson chimene mpaka lero chimatchulidwa kuti ndicho chinagulidwa kwambiri padziko lonse. Chimbalecho chinatuluka kumapeto kwa Novembala 1982, Jones ali ndi zaka 49, atagwira kale ntchito ya zoimba kwa zaka zoposa 30. Zaka zimenezo ndi zomwe ndikufuna tiziyang'anitsitse, chifukwa ndimo muli yankho la funso limene aliyense wofuna kukhala pulodyusa ayenera kudzifunsa: kodi ntchito yanga ndi yotani, poti masiku ano kompyuta yokha ikutha kuimba ng'oma, besi ndi malipenga?

Anabadwa pa 14 Malichi 1933 kummwera kwa mzinda wa Chicago, komwe kunkakhala anthu akuda osauka. Bambo ake anali kalipentala. Mayi ake anadwala matenda a maganizo n'kukasungidwa kuchipatala iye akadali wamng'ono. Mu 1943 banjalo linasamukira ku Bremerton, kenako ku Seattle, ndipo m'zaka zimenezo mnyamatayu anagwira lipenga. Ali ndi zaka 14 anadziwana ndi Ray Charles, mnyamata wosaona amene ankangomuposa ndi zaka zochepa koma anali atayamba kale kudzidyetsa yekha ndi piyano. Kwa Ray Charles anatengako chiyambi cha luso limene linadzamunyamula moyo wake wonse: kulembera chida chilichonse cha m'bandi gawo lake.

Pamenepa ndichedwepo pang'ono, pakuti luso limeneli ambiri timalidumpha. Bandi yaikulu ya jazi ya nthawi imeneyo inkakhala ndi malipenga anayi kapena asanu, matulomboni anayi, masakisofoni asanu, piyano, besi, ng'oma, mwinanso gitala. Aliyense mwa anthu amenewa ankafuna pepala lake la manotsi. Wolemba mapepalawo ankakhala yekha patebulo, popanda chida cholira, n'kumamva anthu onsewo m'mutu mwake. Ankayenera kudziwa pamene lipenga limalekezera kukwera, pamene woliza sakisofoni afunika kupuma, ndiponso zida ziti zikalira pamodzi zimameza mawu a woimba. Inu amene munaphunzitsapo kwaya kutchalitchi mukudziwa kuti kugawa mawu anayi si nkhani ya manotsi okha; mumadziwanso kuti mayi uje amakwera bwino koma amafulumira, bambo uje mawu ake ndi okuya koma amachita manyazi, ndipo nyimbo mumaikonza molingana ndi anthu amene muli nawo. Jones anaphunzira zimenezo pa anthu 18 nthawi imodzi. Anazolowera kulembera munthu amene akumudziwa, osati chida chabe. Zonse zimene anadzachita pambuyo pake, kusankha woimba, kusankha wosewera m'kanema, zinachokera pamenepo.

Mu 1951 anapita ku Boston kukaphunzira pa Schillinger House, sukulu imene lero imatchedwa Berklee College of Music, koma sanamalize, chifukwa Lionel Hampton anamutenga m'bandi yake. Anayenda nayo ku Ulaya mu 1953. Atakhazikika ku New York ankakonzera nyimbo anthu monga Dinah Washington ndi Count Basie, ndipo mu 1956 anatsogolera zoimba m'bandi ya Dizzy Gillespie paulendo wa ku Middle East ndi South America umene boma la America linalipira. Apa n'kuti ali ndi zaka 23 zokha. Wina akanati wafika. Iye chaka chotsatira ananyamuka ulendo wa ku Paris kukakhalanso mwana wasukulu kwa Nadia Boulanger, mayi amene anaphunzitsapo Aaron Copland ndi Astor Piazzolla. Chifukwa chake chinali chomveka. Ku America, munthu wakuda ankapatsidwa malipenga ndi ng'oma kuti alembere, koma zida za zingwe monga mavayolini zinkaonedwa ngati za azungu. Ku Paris anapeza ntchito ku kampani ya zimbale ya Barclay, komwe anali ndi gulu la zingwe loti aziyeserapo zimene waphunzira kwa mayi Boulanger.

Kenako panadza tsoka limene ine ndimaliona ngati sukulu yake yaikulu kuposa Boston ndi Paris. Kumapeto kwa 1959 anasonkhanitsa bandi ya akatswiri 18 kuti iziimba m'sewero la nyimbo la Harold Arlen lotchedwa Free and Easy, lomwe linkayenda m'mizinda ya ku Ulaya. Kumayambiriro kwa 1960 seweroli linagwa ku Paris, ndalama zitatha. Eni ake anauza oimba kuti akwere ndege abwerere kwawo. Jones, mnyamata wa zaka 26, anakana kubalalitsa gulu labwino chotero. Anati ayenda nalo yekha. Kwa miyezi pafupifupi 10 anazungulira Ulaya ndi anthu amenewo, ena ali ndi akazi ndi ana awo, akusaka holo lero kuti apeze malipiro a mawa. Kulikonse kumene ankaimba anthu ankaomba m'manja ndipo olemba nyuzi ankayamikira. Koma ndalama ya pakhomo sinkakwana kudyetsa, kugoneka ndi kuyendetsa khamu lotero. Anabwerera ku America ali m'ngongole yoopsa, atagulitsa ngakhale umwini wa nyimbo zimene anapeka, zomwe anadzaziwombola pambuyo pake pamtengo wokwera kwambiri. Iye mwini anavomereza kuti m'miyezi imeneyo maganizo odzipha anamufikira. Ankanenanso kuti apo m'pamene anazindikira kuti nyimbo ndi chinthu china, malonda a nyimbo ndi chinthu chinanso, ndipo wofuna kukhalitsa ayenera kudziwa zonse ziwiri.

Ndikukupemphani kuti nkhani imeneyi musaimve ngati ya kutali. Bandi ija sinagwe chifukwa choimba moipa. Inagwa chifukwa palibe amene anakhala pansi n'kuwerengera kuti anthu 30 amadya zingati patsiku, sitima ndi zingati, holo imalowa anthu angati. Kuwerengera kumeneko ndi theka la ntchito ya pulodyusa, ndipo ndi theka limene achinyamata aluso amalinyoza.

Amene anamutola anali Irving Green, mkulu wa kampani ya Mercury Records, yemwe anamubwereka ndalama n'kumupatsa ntchito mu ofesi ya New York. Pasanapite zaka zambiri Jones anakwezedwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti wa kampaniyo, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kufika pa udindo wotero m'kampani yaikulu ya zimbale ya azungu. Mu ofesimo anaphunzira kuwerenga mapangano, kuona mmene chimbale chimayendera kuchoka ku situdiyo kupita kufakitale, kuwailesi ndi kusitolo. Anzake a jazi ankamunena kuti sangathe kutulutsa nyimbo yogulitsa. Mu 1963 anajambula mtsikana wa zaka 16, Lesley Gore, nyimbo ya It's My Party. Atamva kuti pulodyusa Phil Spector naye akufuna kutulutsa nyimbo yomweyo ndi gulu lina, anathamangira kudinda makope oyamba n'kuwatumiza m'mawailesi asanapitiriridwe. Nyimboyo inafika pa nambala 1. Ena mwa anzake aja anasintha mawu n'kuyamba kunena kuti wagulitsa jazi chifukwa cha ndalama. Chaka chotsatira munthu yemweyo anali akukonzera Frank Sinatra ndi bandi ya Count Basie nyimbo ya Fly Me to the Moon. Sankaona kuti nyimbo ya mtsikana wa kusekondale ndi yonyozeka kuposa ya Sinatra. Iliyonse inkafuna kuti aipezere liwiro lake ndi zida zoyenera mawu a mwini wake.

Chimene ankachilakalaka kuyambira ali mwana chinali kulemba nyimbo za m'kanema, ndipo khomo linatseguka pamene wotsogolera mafilimu Sidney Lumet anamupatsa filimu ya The Pawnbroker ya 1964. Anasiya malipiro otsimikizika a ku Mercury n'kusamukira ku Los Angeles. Nyimbo za m'kanema zimaphunzitsa kudzichepetsa kwa mtundu wina. Wolemba amapatsidwa chithunzi chotha kale, ndipo amauzidwa kuti pa sekondi yakutiyakuti chitseko chitseguka, nyimbo isinthe pomwepo. Ikakoma mopitirira n'kuchotsa maso a woonera pa nkhope ya wosewera, yalephera. Mu 1967 mokha analemba za In the Heat of the Night, momwe munali Sidney Poitier ndipo Ray Charles anaimba nyimbo yotsegulira, komanso za In Cold Blood. Malinga ndi mmene Jones ankafotokozera, mlembi wa buku la In Cold Blood, Truman Capote, sanafune kuti munthu wakuda alembe nyimbo za filimu yopanda anthu akuda, koma wotsogolera filimuyo, Richard Brooks, anaima nganganga. Nyimbozo zinalowa pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Oscar. Anapitiriza ndi The Italian Job mu 1969 ndi nyimbo zotsegulira mapulogalamu a pawailesi yakanema monga Ironside ndi Sanford and Son.

Mu 1974 mtsempha wa magazi unaphulika mu ubongo wake. Anachitidwa opaleshoni kawiri, ndipo anzake anakonza mwambo womukumbukira poganiza kuti sachira. Iye anakakhala nawo pamwambowo. Madokotala anamuletsa kulizanso lipenga mpaka kalekale. Kuyambira pamenepo analibe chida chakechake. Chilichonse chimene ankafuna kuti chimveke chinkayenera kudzera m'manja ndi m'kamwa mwa anthu ena.

Pa ntchito ya Roots, sewero la pawailesi yakanema la 1977 lochokera m'buku la Alex Haley lonena za ukapolo, pali mayina awiri a kuno kummwera kwa Africa oyenera kuwatchula. Jones anadziwa kuti gawo la nkhaniyo lochitikira mu Africa sangalilembe yekha kuchokera m'mabuku, choncho anaitana Caiphus Semenya ndi Letta Mbulu, banja la oimba a ku South Africa amene ankakhala ku America pothawa ulamuliro watsankho. Ubale umenewo unapitirira. Semenya anali m'gulu la olemba nyimbo za filimu ya The Color Purple amene anapikisana nawo pa Oscar, ndipo mawu a Chiswahili amene mumamva kumayambiriro kwa Liberian Girl ya Michael Jackson ndi a Letta Mbulu.

Tsopano tafika pa Michael Jackson. Anagwirira ntchito limodzi pa filimu ya The Wiz ya 1978, ya Lumet yemwe uja. Jackson atafuna kuti Jones amujambulire chimbale, akuluakulu ena a kampani ya Epic anakayika, ati mkuluyu ndi wa jazi, sangadziwe zovina achinyamata. Jackson anakakamira, ndipo Off the Wall inatuluka mu 1979. Taonani anthu amene Jones anabwera nawo. Injiniya anali Bruce Swedien, yemwe ankadziwana naye kuyambira m'ma 1950. Wolemba nyimbo anali Rod Temperton, mzungu wa ku Cleethorpes ku England, wa gulu la Heatwave, munthu amene sankadziwika nkhope ngakhale kwa ogula zimbale zake. Ndiye analemba Rock with You, ndipo pambuyo pake nyimbo ya Thriller imene. Jones anamvanso chimene ena sankamva: kuti mwana amene dziko linamuzolowera akuimba mokwera ndi azibale ake tsopano anali mwamuna, wokhala ndi mawu apansi ndi achisoni amene anali asanagwiritsidwe ntchito.

Pa Thriller pali nyimbo 9 zokha. Kuti zifike pamenepo anamvetsera nyimbo mazanamazana. Jones ankafotokoza kuti atasankha zisanu ndi zinayi zoyamba, anayang'ananso n'kuchotsa zinayi zofooka, n'kuikapo zina zoposa zotsalazo. Human Nature inapezeka motero, pa tepi ya Steve Porcaro wa gulu la Toto. Pofuna kuti chimbale cha munthu wakuda chilowe m'mawailesi a nyimbo za rock, omwe nthawi imeneyo sankaika oimba akuda, analimbikitsa Jackson kulemba nyimbo ya mtundu umenewo, ndipo pa Beat It anaitana Eddie Van Halen kudzaliza gitala. Atamaliza zonse n'kumvetsera chimbale choyeserera, chinamveka chofooka mpaka Jackson analira. Vuto linali la sayansi ya chimbale cha pulasitiki: mbali imodzi ikatalika kwambiri, timizere timapanikizana ndipo mawu amachepa mphamvu, makamaka besi. Anapuma masiku ochepa, n'kubwerera kudzasakanizanso nyimbo imodziimodzi ndi kudula zina. Nyimbo 7 mwa 9 zija zinalowa m'gulu la nyimbo 10 zotsogola ku America, ndipo pa mwambo wa Grammy wa 1984 Jackson anatenga mphoto 8 usiku umodzi.

Tisamupatse zonse mkuluyu. Jackson analemba yekha nyimbo zinayi za m'chimbalecho, ndipo pa Billie Jean Jones ankafuna kufupikitsa chiyambi chachitali cha ng'oma ndi besi. Jackson anakana, ati ndi pamene pamamuvinitsa, ndipo woimbayo ndiye ankalondola. Chimene ndimayamikira n'chakuti munthu wa zaka 49, wophunzira kwa Boulanger, anagonjera mnyamata wa zaka 24 pamene mnyamatayo anamva bwino kumuposa. Koma palinso chimene sindingachiyamikire. Kumapeto kwa Wanna Be Startin' Somethin' kuli mawu obwerezabwereza otengedwa mu Soul Makossa, nyimbo ya 1972 ya Manu Dibango wa ku Cameroon, ndipo anatengedwa popanda chilolezo. Dibango anachita kukasuma kuti nkhaniyo ikambidwe ndi kuti alipidwe. Nyimboyo analemba ndi Jackson, inde, koma kufunsa kuti kachigawo aka kachokera kuti ndi ntchito ya pulodyusa, makamaka pulodyusa amene ankawadziwa bwino oimba a mu Africa ndiponso amene anamvapo yekha kuwawa kotaya umwini wa nyimbo.

Za We Are the World ndingodutsapo, pakuti nkhani yake mumaidziwa. Pa 28 Januwale 1985, ku situdiyo ya A&M ku Los Angeles, oimba otchuka oposa 40 anasonkhana usiku umodzi kujambula nyimbo ya Jackson ndi Lionel Richie yothandiza anthu a ku Ethiopia amene ankafa ndi njala. Chimene chinatheketsa usikuwo n'chakuti mizere inali itagawidwa kale malinga ndi mawu a munthu aliyense asanalowe pakhomo. Ndi ntchito ya mapepala a bandi ija, kungoti tsopano zida zake zinali Ray Charles, Tina Turner, Bruce Springsteen ndi Bob Dylan.

Chaka chomwecho anakhala mmodzi mwa mapulodyusa a filimu ya The Color Purple, yochokera m'buku la Alice Walker. Ananyengerera Steven Spielberg kuti aitsogolere, ngakhale Spielberg ankadziwika ndi mafilimu a mtundu wina. Ali mu hotela ku Chicago anatsegula wailesi yakanema n'kuona mayi wina akuyendetsa pulogalamu ya m'mawa ya mumzindamo, ndipo anaona mwa iye Sofia wa m'bukulo. Mayiyo anali Oprah Winfrey, amene anali asanasewerepo m'filimu. Filimuyo inapikisana m'magawo 11 a Oscar, Winfrey ali m'gati, ngakhale sinapambane ndi imodzi yomwe. Zofanana ndi zimenezi zinachitika ndi Will Smith, woimba rap amene analibe mbiri ya zisudzo ndipo anali pamavuto a msonkho. Pa phwando kunyumba kwa Jones kunali mkulu wa wailesi yakanema ya NBC, Brandon Tartikoff, ndipo Jones anapatsa Smith pepala la sewero kuti ayesedwe pomwepo, osadikira sabata yamawa. The Fresh Prince of Bel-Air inayamba mu Seputembala 1990 n'kuyenda mpaka 1996. Nthawi imeneyi mnyamata uja anagulitsa nyimbo zake kuti abweze oimba kwawo anali ndi kampani yake ya zimbale, Qwest Records, kuyambira 1980, ndipo mu 1993 anayambitsa magazini ya Vibe. Sankagwiranso ganyu pa zinthu za eni. Ankakhala ndi gawo pa chimene wapanga.

Moyo wotere unali ndi mtengo wake. Anakwatira katatu, maukwati onse anatha, ndipo m'filimu ya moyo wake ya 2018, imene mwana wake Rashida Jones anathandiza kutsogolera, sanabise kuti ntchito inkamuchotsa pakhomo pamene ana ake ankamufuna. Mphoto 28 za Grammy sizifafaniza zimenezo, ndipo sindikufuna kuti wina atuluke muno akuganiza kuti kusagona kunyumba ndi chizindikiro cha luso.

Kuno kwathu ntchito zimene Jones ankagawira anthu khumi zimagwera munthu mmodzi m'kachipinda kamodzi: ndiye wopanga biti, ndiye injiniya, ndiye wosakaniza. Woimba amalipira kamodzi, amatenga nyimbo yake pa fulashi, basi. Nyimboyo ikadzalowa mu malonda a pawailesi kapena m'filimu zaka zisanu zikubwerazo, palibe pepala losonyeza kuti ndani anapeka chiyani. Chonsecho tili ndi bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA kuyambira 1992 ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Bungwe silingagawe ndalama kwa munthu amene dzina lake silinalembedwe paliponse. Musanatseke situdiyo, khalani pansi ndi woimbayo, mulembe kuti mawu ndi a ndani, chuni ndi cha ndani, gawo la aliyense ndi lotani, ndipo nonse musayine akadali anzanu.

Ndipo mawu a papepalapo muwawerenge bwino, chifukwa ngakhale Jones anavutika nawo. Jackson atamwalira mu 2009, nyimbo zimene anapanga limodzi zinasakanizidwanso n'kugwiritsidwa ntchito m'filimu ya This Is It ndi m'masewero a Cirque du Soleil. Mu 2013 Jones anasumira oyang'anira chuma cha malemuyo, ponena kuti mapangano a 1978 ndi 1985 ankamupatsa gawo pa ntchito zoterozo komanso mwayi woyamba wosakanizanso nyimbozo. Ankafuna madola 30 miliyoni. Mu 2017, ali ndi zaka 84, anakaima m'khoti ku Los Angeles kufotokoza tanthauzo la ziganizo zimene anasayinira zaka zoposa 30 m'mbuyomo, nthawi imene kunalibe intaneti ndipo palibe amene ankaganiza za masewero otero. Khoti linamupatsa madola 9.4 miliyoni. Mu 2020 khoti la apilo la ku California linachotsapo pafupifupi madola 6.9 miliyoni, ponena kuti mawu a m'mapanganowo sankamupatsa zimene ankaganiza kuti amamupatsa.